A Joachim Kamphinda ndi Benchi ya pa Chitunda

Bambo mfumu, akuluakulu a jumuiya, umene ndi mphakati wathu wa mpingo, atsogoleri a Amalawi okhala muno mu Dar es Salaam, anzawo a malemu ochokera ku Vingunguti, anamfedwa, ndi nonse amene mwawoloka pa pantoni kudzakhala nafe, tikupempha kuti mutchere khutu. Ana athu obadwira kuno amene Chichewa chimakudutsani pena, khalani pafupi ndi akulu kuti akumasulireni. Tisanayambe mbiri, pali funso limene malemu eni ake anatilamula kuti tikufunseni. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lililonse dzuwa lili paliwombo, ankatsika pantoni atasenza ndowa ya nyama paphewa, n'kukwera chitunda cha kuno ku Kigamboni, kenako n'kukhala pa benchi ya Mama Somoe, amene amagulitsa tiyi ndi vitumbua. Kodi ankakhaliranji pamenepo? Tikudziwa kuti ambiri a inu yankho muli nalo kale, ndipo ena munagawirako anzanu. Lisungeni kaye. Lathu tipereka pomaliza, monga anafunira malemu.

Malemu Joachim Saulos Kamphinda anabadwa pa 9 Juni 1961 m'mudzi mwa Chiphazi, Mfumu Yaikulu Kaphuka, m'boma la Dedza. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo anabatizidwa chaka chomwecho mu mpingo wa Katolika. Sukulu anayamba mu 1969, ndipo analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri, mu 1977 ndi mu 1978, koma dzina lawo silinatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Nkhani imeneyi inkawapweteka mpaka kuukulu, chifukwa ankafunitsitsa kudzakhala mphunzitsi.

Mu 1983 malume awo a Malcolm, amene anali khukhi ku Oyster Bay, anawaitana kuti abwere kuno. Anadzera ku Mbeya, ndipo anafika akudziwa mawu awiri okha a Chiswahili, asante ndi shikamoo. Shikamoo ankapereka kwa aliyense, ngakhale kwa ana a sukulu, mpaka malume awo anawakhazika pansi n'kuwauza kuti moni umenewo ndi wa akuluakulu okha. Anagwira ntchito yosamalira maluwa kwa zaka zinayi.

Mu 1987 analowa ntchito kumachinjioni ku Vingunguti, kumene amaphera ng'ombe zodyetsa mzinda uno, ndipo sanachokekonso. Anayamba ndi kutsuka zam'kati, matumbo ndi chifu, ntchito imene achinyamata ambiri amaithawa pa sabata yoyamba. Ataona kuti ndi munthu wa manja aukhondo, akuluakulu anawaika pa tebulo la woyeza nyama, Mayi Nasiba, kuti aziwayalira ziwindi, mapapo ndi mitima. Mayi Nasiba anali munthu wosapsa mtima akafunsidwa, ndipo malemu anali munthu wosatopa kufunsa. M'zaka khumi ndi ziwiri zimene anaima pa tebulo limodzi, malemu anaphunzira za mtima zambiri kuposa zimene ntchito yawo inkafuna, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Pulofesa. Ena ankawatchula choncho mowaseka. Iwo ankayankha mosangalala.

Pa 14 Okutobala 1989 anamanga ukwati woyera ndi mayi Gaudensia, obadwira konkuno kwa makolo ochokera ku Ntcheu, amene bambo awo ankagwira ntchito kudoko. Mulungu anawapatsa ana atatu: Deogratias mu 1990, Lightness mu 1993, ndi Goodluck mu 1998.

Anawo amakumbukira kuti Lamlungu lililonse akaweruka ku Misa, bambo awo ankaika mtima wa ng'ombe pa thireyi n'kuwaitana. Ankawalozera mitsempha iwiri imene imatuluka patsinde pa mtsempha waukulu, n'kuyanga pamwamba pa mtima ngati mizu ya mtengo pa chulu. Ankawauza kuti mtima, ngakhale umadzaza magazi usana ndi usiku, sudya magazi amene ali m'kati mwake. Amenewo ndi a thupi lonse. Wokha umadya kudzera m'mitsempha yopyapyalayi. Kenako ankaufinya ndi dzanja n'kunena kuti mtima ukamapopa umapana mitsempha yake yomwe, choncho magazi ambiri amalowa pa kanthawi kochepa kamene umamasuka usanagundenso. Ng'ombe ikamathamanga, mtima umafuna mpweya wambiri, ndipo mnofu wa mtimawo umatumiza wokha chizindikiro kuti timitsempha tating'ono titseguke, magazi n'kuchuluka kanayi kapena kasanu. Ng'ombeyo ikaima, timitsemphato timabwerera mwakale. Ankati palibe amene amaulamula, mtimawo umadziyezera wokha. Mayi Gaudensia ankaitana ali kukhitchini kuti nyama yawo si bolodi ya kusukulu, aibweretse madzi asanaphwere pamoto.

Mu 2004 banjali linasamukira kuno ku Kigamboni, pamene mbali ino inali minda ya chinangwa ndi mitengo ya kokonati. Mayi Gaudensia anatsegula malo ogulitsira supu pakhonde pa nyumba, ndipo asodzi ndi amisiri omanga nyumba anawazolowera. Malemu ankanyamuka mbandakucha, kuwoloka pa pantoni, kukwera minibasi ya daladala mpaka ku Vingunguti, ndipo masana ankabwerera ndi ndowa yodzaza zam'kati ndi mapazi a ng'ombe. Kuchokera pa pantoni kufika kunyumba ndi mtunda wa mphindi makumi awiri, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi ankauyenda osaima paliponse. Oyandikana nawo ankadziwa nthawi akawaona akudutsa. Mu 2011 jumuiya yathu inawasankha kukhala wapampando.

Pa 18 Ogasiti 2018 mdima unagwa m'banjali. Deogratias, mwana wawo woyamba, anafa pa ngozi ya njinga yamoto ya bodaboda ku Ubungo ali ndi zaka 28, n'kusiya mkazi ndi mwana wakhanda. Amene munalipo mukukumbukira mmene mayi Gaudensia analili. Anasiya kudya, anasiya kulankhula, ndipo miphika ya supu inakhala yovundikira miyezi isanu. Mawu oyamba amene analankhula anali opempha amuna awo kuti alumbire kuti sadzakweranso bodaboda kapena bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, moyo wawo wonse. Malemu analumbira, ndipo anasunga lumbirolo. Mu Januwale 2019 mayi anakolezanso moto, malemu n'kuyambiranso kusenza ndowa.

Mwezi wotsatira ndi pamene anayamba kukhala pa benchi ija.

Poyamba palibe anadabwa. Munthu wotopa kumwa kapu ya tiyi si nkhani. Koma zinakhala za tsiku ndi tsiku, malo omwewo, nthawi yomweyo. Ankatsitsa ndowa, kukhala pansi, Mama Somoe n'kuwaikira kapu pambali, ndipo nthawi zambiri tiyiyo ankamusiya wosamwa. Oona anayamba kufunsana kuti ndi mwamuna wanji amene amagula tiyi osamwa. Mama Somoe ndi mayi wamasiye. Zotsalazo anthu anamalizitsa okha. Nkhaniyo inayenda pa pantoni, inayenda kumsika wa nsomba, inalowa m'kwaya, ndipo kunyumba inafika nyama isanafike. Anyamata a bodaboda a pakona ankati akawaona akukwera chitunda, ankakuwa kuti Pulofesa akupita kukaphunzitsa kalasi yachiwiri.

Mbiri ya munthu sitiikongoletsa ndi bodza, choncho zotsatirazi tizinena monga zinachitikira, ndipo mayi Gaudensia eni ake ndiwo atilola. Mu Meyi 2021, atatopa ndi kunenedwa, mayiwa anapita pa chitunda paja n'kugubuduza thireyi ya vitumbua anthu akuona. Mama Somoe anatola malonda awo m'fumbi chimodzichimodzi, ndipo anangoti, "Mama, kamuulize mwenyewe," kutanthauza kuti akafunse mwini wake. Kuyambira tsiku limenelo amayi ambiri a kwathu anasiya kugula pamenepo, ndipo analetsanso ana awo.

Mu 2022 ankhoswe anakhala pansi, motsogozedwa ndi a Nicholaus, mng'ono wa malemu. Atafunsidwa ngati pali kanthu pakati pa iwo ndi mayiyo, malemu anayankha kuti chimene anthu akuganizacho palibe. Atafunsidwa chimene amakhalira pamenepo, anayang'ana pansi. A Nicholaus anawapanikiza, nawauza kuti achimwene, tiyi ali ndi kunyumba komwe, ndipo wa kunyumbayo ndi waulere. Malemu anapepesa, nalonjeza kuti azidutsa osaima. Tsiku loyamba anadutsadi. Anafika malaya ali chonyowa, natsitsa ndowa, napita kuseri kwa nyumba kumene anakhalitsa, ati akusamba m'manja. Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anawaonanso pa benchi.

Apa mayi Gaudensia anasiya kufunsa. Anapitiriza kuwaphikira ndi kuwachapira, koma nkhani zinatha m'nyumba. Malemu ankati nyama yafika, mayi n'kuyankha kuti ikani pompo, basi tsiku latha. Chaka chomwecho jumuiya inasankha wapampando wina, ndipo palibe amene anawafotokozera chifukwa. Iwo sanafunse. Anapitiriza kubwera kumapemphero, n'kumakhala pa mpando wakumbuyo. Mu 2023 Mama Somoe anapezeredwa malo abwino pafupi ndi chipata cha pantoni, pamene pamadutsa anthu masauzande, koma anakana kusuntha benchi yawo. Ambiri a ife tinati umboni ndi umenewo.

Za matenda, malemu sanadandaulepo. Nthawi zina ankasisita pachifuwa n'kunena kuti ndi chilungulira, ankasisita mkono wamanzere n'kunena kuti ndi ndowa. Lightness, amene ndi mphunzitsi ku Temeke, anawapempha kangapo kuti akayezetse, koma iwo ankaseka n'kunena kuti munthu amene wagwira mitima ya ng'ombe yosawerengeka sangauzidwe za mtima ndi mwana wa dzulo wovala chikhoti choyera.

Lachinayi pa 6 Febuluwale chaka chino cha 2025, anatsika pantoni monga mwa masiku onse, koma pa benchi sanafike. Anagwa patatsala mapazi makumi awiri, ndowa n'kugubuduzika kutsetsereka nayo nyama. Amene anayamba kuwafikira ndi Mama Somoe. Anawatsamiritsa pamiyendo pawo, anaimitsa bajaji, ndipo malemu atayesa kukana kukwera chifukwa cha lumbiro lija, mayiwo anauza amuna awiri kuti awanyamule basi. Ali m'njira anaimbira foni Lightness, amene anadabwa kuti nambala yake mayiwo anaitenga kuti. Mama Somoe anayamba kupita nawo ku chipatala chaching'ono, kumene anawatumiza ku chipatala chachikulu kutsidya, ndipo anafika kumeneko dzuwa litapendeka.

Madokotala anachita zonse zimene akanatha. Analowetsa kapaipi kopyapyala pa mkono mpaka kukafika ku mtima, natsegula mtsempha umene unatsekeka, n'kusiyamo kachitsulo koti usatsekekenso. M'mawa mwake dokotala wamkulu anaitana mayi Gaudensia, Lightness ndi a Nicholaus, nawaonetsa chithunzi cha mitsempha ija, yomweyo imene malemu ankalozera ana awo pa thireyi. Anafotokoza kuti mafuta anakhala akuundana m'kati mwa makoma ake pang'onopang'ono, njira ya magazi n'kumachepa mpaka kutsala ngati ulusi. Zikafika pamenepo, timitsempha tating'ono ta kutsogolo timakhala titatseguka kale mpaka pamapeto pofuna kukoka magazi ochepawo, ngakhale munthu atangokhala. Ndiye mtima ukafuna owonjezera, palibenso chotsegula. Umangogunda mofulumira, ndipo kugunda mofulumirako kumafupikitsa kanthawi kaja kamene umalandira magazi. Tsiku la Lachinayi, chotupa china cha mafuta chinang'ambika, magazi anaundana pamenepo, njira n'kutsekeratu. Pamene ankaitsegula n'kuti mbali yaikulu ya mnofu wa mtima itafa kale, ndipo mnofu umenewo ukafa subwerera.

Dokotalayo analozanso timitsempha tina tokhotakhota timene mtima unamera wokha pofuna kulambalala malo otsekeka. Anati timeneti sitimera pa mwezi umodzi, ndipo matendawa akhala nawo zaka zosachepera zisanu. Anafunsa ngati bambowa ankagwira ntchito yolemetsa. Mayi Gaudensia anayankha kuti ankasenza ndowa yodzaza tsiku lililonse, wapansi, kukwera chitunda. Dokotala anapukusa mutu.

Lamlungu pa 9 Febuluwale, atalandira sakramenti la kudzoza odwala, malemu anapempha kuti atsale ndi akazi awo, Lightness ndi a Nicholaus. Analankhula pang'onopang'ono, mopumira, kwa mphindi ngati khumi. Atamaliza, mayi Gaudensia sanalire. Ananyowetsa kansalu, nawapukuta kumaso, kenako anati, "Bambo a Deo, mukanandiuza, ndowayo ndikanasenza ine."

Malemu anayankha kuti, "N'chifukwa chake sindinakuuzeni."

Kenako anatembenukira kwa a Nicholaus, nawauza kuti mawu amenewa adzawerengedwe pa maliro awo anthu onse akumva, pamapeto penipeni, kuti pasadzakhale mawu ena owaphimba. Lolemba m'mawa mayi Gaudensia anawoloka okha pa pantoni, anakwera chitunda, nakagwada m'fumbi patsogolo pa benchi ija, pamalo pomwe anagubuduzira thireyi. Zimene analankhulana amayi awiriwa sitikuzidziwa. Oona akuti Mama Somoe anawadzutsa, nawakhazika pa benchi, nawathirira tiyi, ndipo mayi Gaudensia anamwa yense.

Lachiwiri pa 11 Febuluwale, nthawi ya 9 koloko m'mawa, imene kuno timati saa tatu, mtima wa bambo Joachim Saulos Kamphinda unaleka kugunda, akazi awo atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 63.

Malemu asiya mkazi, mayi Gaudensia Kamphinda; ana awiri, Lightness ndi Goodluck; mpongozi wawo Asia, mkazi wa malemu Deogratias; ndi zidzukulu zitatu, Nuru, Kate ndi Joachim wamng'ono. Asiyanso mng'ono wawo a Nicholaus kuno, ndi alongo awiri kumudzi ku Dedza, amene alephera kufika chifukwa cha kutalika kwa ulendo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira masiku asanu aja. Likuthokoza bambo mfumu, a kwaya ndi a jumuiya, anzawo a kumachinjioni amene atseka mabenchi awo lero n'kubwera ndi chakudya cha anthu onsewa, amayi amene akhala pamoto kuyambira Lachiwiri, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza ya malemu, komanso woyendetsa bajaji uja amene dzina lake sitinalifunse. Mwapadera, banja likuthokoza Mama Somoe, amene mukuwaona akhala pamkeka pambali pa mayi wamasiye. Anaitanidwa ndi mayi Gaudensia eni ake. Si a mpingo wathu, si a mtundu wathu, ndipo Chichewa sachimva, koma anasenza manyazi athu zaka zisanu ndi chimodzi osatsegula pakamwa. Ife amene tinawanena, benchi yawo ikadali pomwe paja, ndipo njira tikuidziwa.

Ambuye awapatse bambo athu mpumulo wosatha, kuwala kwake kuwaunikire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.

Tsopano mawu a malemu. Chimene chinkachitika mu mtima wawo anachizindikira okha mu Febuluwale 2019, pakuti anachiphunzira kalekale pa tebulo la Mayi Nasiba. Anachibisa chifukwa akazi awo anali atangoyamba kumene kudya ndi kulankhula atataya mwana, ndipo anaopa kuti nkhani yachiwiri iwagwetsanso. Anaona kuti munthu akatsamira khoma pamsewu, odutsa amamufunsa ngati akudwala, koma wokhala pa benchi ndi kapu ya tiyi palibe amamufunsa. Mama Somoe anadziwa pa sabata yoyamba, ataona thukuta ndi milomo yotuwa. Malemu anawalumbiritsa kuti asauze munthu, nawasiyira nambala ya Lightness, yoti adzaimbe tsiku limene iwo adzalephere kufika. Benchi mayiwo sanaisunthe chifukwa ankadziwa kuti ikasuntha, bambowa alibe pokhala.

Kuchokera pa pantoni kufika pa benchi ya Mama Somoe pali mapazi 340. Malemu anawerenga okha. Pamenepo ndi pamene magazi ankaperewera ku mtima wawo, chifuwa n'kuthina, mkono n'kuchita dzanzi. Ankakhala pansi kudikira kuti magazi afike.